Kodi mamembala amene mayuniyoni anapeza pa nthawi ya nkhondo anakhalitsa?

Funso: Ndimathandiza kuphunzitsa atsogoleri a nthambi m'bungwe lathu la apantchito. Ndimamva kawirikawiri kuti mayuniyoni a ku America anakula chifukwa cha mafakitale opanga zida pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Chinachitika n'chiyani kwenikweni, nanga nkhondo itatha mamembala amenewo anapita kuti?

Yankho: Zimene mumamvazo n'zoona, koma ndi theka chabe la nkhani. Mu 1940 mayuniyoni a ku United States anali ndi mamembala pafupifupi 9 miliyoni. Pofika 1945 anali atadutsa 14 miliyoni, ndiye kuti munthu mmodzi pa atatu alionse ogwira ntchito zosakhala za ulimi. Kukula koteroko sikodabwitsa, Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse inateronso. Chofunika kuchifotokoza bwino kwa ophunzira anu n'chakuti chiwerengerochi sichinagwe nkhondo itatha, pamene cha nkhondo yoyamba chinagwa chagada.

Nkhondo imakuza mayuniyoni chifukwa anthu ogwira ntchito amasowa. Ulova ku America unali pa 14.6 peresenti mu 1940, koma mu 1944 unali pa 1.2 peresenti, ndipo munthu amene akudziwa kuti akachotsedwa lero mawa alembedwa tsidya la msewu saopa kusaina khadi la yuniyoni. Komanso wogula wamkulu amakhala boma, ndipo makontirakiti ambiri a zida ankabwezera kampani ndalama zonse zimene yawononga n'kuikapo phindu pamwamba, moti malipiro akakwera mwini fakitale sankamva kupweteka ngati m'masiku a mtendere. Boma nalonso limaopa kuima kwa makina kuposa china chilichonse, choncho limalolera kukakamiza mabwana kukhala pansi ndi atsogoleri a antchito. Zonsezi zimatha tsiku limene nkhondo yatha.

Umboni wake ndi nkhondo yoyamba. Mu Epulo 1918 boma linakhazikitsa bodi yoweruza mikangano ya pa ntchito yotchedwa National War Labor Board, imene inkaletsa makampani kuchotsa munthu ntchito chifukwa cholowa yuniyoni. Njanji zinali m'manja mwa boma kuyambira Disembala 1917. Mamembala anakwera kuchoka pa 3 miliyoni kufika pa 5 miliyoni mu 1920. Koma bodiyo inali ya nthawi ya nkhondo yokha, ndipo inathetsedwa mu 1919. Chaka chomwecho antchito pafupifupi 350,000 a m'mafakitale a zitsulo ananyanyala ntchito pofuna kuti yuniyoni yawo izindikiridwe. Elbert Gary, mkulu wa kampani ya zitsulo ya U.S. Steel, anakana ngakhale kukumana nawo, ndipo mu Januwale 1920 anthu anabwerera ku ntchito osaphula kanthu. Njanji zinabwezedwa kwa eni ake mu Malichi 1920, ndipo mu 1922 sitiraka ya amakaniko 400,000 okonza sitima inagonjetsedwa. Pofika 1923 mamembala anatsala 3.6 miliyoni, mu 1933 sankakwananso 3 miliyoni. Yuniyoni ya amakaniko ya International Association of Machinists, imene inakhuta kwambiri ndi ntchito za zida, inachoka pa mamembala oposa 300,000 n'kutsala ndi ochepera 100,000 m'zaka zochepa. Ku Britain zinayendanso chimodzimodzi: 4.1 miliyoni mu 1914, 8.3 miliyoni mu 1920, kenako 4.4 miliyoni mu 1933.

Ulendo wachiwiri unasiyana poyamba chifukwa lamulo linalipo kale nkhondo isanayambe. Lamulo la Wagner la 1935 linanena kuti antchito akavotera yuniyoni pa chisankho choyendetsedwa ndi bodi ya boma ya National Labor Relations Board, kampani iyenera kukambirana nayo. Ford, imene inakana kwa zaka zambiri, inasaina pangano ndi yuniyoni ya opanga magalimoto ya United Auto Workers mu Juni 1941, kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti Japan iphulitse doko la Pearl Harbor ndipo America ilowe m'nkhondo. Choncho fakitale ikakula kuchoka pa anthu 5,000 kufika pa 30,000, atsopanowo ankapeza yuniyoni ili kale pakhomo.

Koma chimene chinagwira mamembala kwenikweni ndi kachiganizo kamodzi ka m'mapangano, ndipo ndi bwino kukamvetsa mwatsatanetsatane. Mu Disembala 1941 atsogoleri a mayuniyoni analonjeza kuti sadzaitanitsa sitiraka mpaka nkhondo ithe. Mu Januwale 1942 Pulezidenti Roosevelt anakhazikitsa National War Labor Board yatsopano ya anthu 12, anayi a mayuniyoni, anayi a makampani, anayi oimira anthu wamba. Mu Julayi chaka chomwecho bodiyi inagamula mlandu wa makampani anayi a zitsulo, Bethlehem, Republic, Inland ndi Youngstown Sheet and Tube. Antchito ankafuna kuwonjezeredwa dola imodzi pa tsiku, anapatsidwa masenti 44. Mfundo inali yakuti malipiro asakwere kupitirira 15 peresenti ya mmene analili mu Januwale 1941. Apa yuniyoni inali pa mpanipani. Singanyanyale ntchito, singakwezetse malipiro, nanga munthu azisonkheranji dola yake mwezi ndi mwezi? Atsogoleri anapempha kuti aliyense wogwira ntchito pa fakitale azikhala membala mokakamizidwa. Makampani anakana. Bodi inadula pakati.

Zinkayenda motere. Pangano latsopano likasainidwa, membala aliyense ankapatsidwa masiku 15 oti atuluke mu yuniyoni ngati akufuna, osataya ntchito. Masiku 15 akatha iye ali chikhalire m'kaundula, ankayenera kukhala membala wolipira mpaka panganolo lidzathe, nthawi zambiri chaka chathunthu, ndipo akasiya kulipira yuniyoni inkatha kupempha kampani kuti imuchotse ntchito. Wolembedwa kumene sankakakamizidwa kulowa, koma akangolowa lamulo lomwelo linkamugwira. Otuluka pa masiku 15 aja anali ochepa kwambiri. Pamodzi ndi zimenezi nthawi zambiri pankabwera dongosolo lakuti kampani izidula ndalama ya umembala pa malipiro n'kuitumiza ku yuniyoni.

Amene anatoleretsapo ndalama za umembala pamanja akudziwa kusiyana kwake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, yuniyoni ya antchito a zitsulo inkachita kuimika anthu pa geti la fakitale m'mamawa kuti aziona makhadi, amene sanalipire mwezi umenewo amutsekereze mpaka atulutse dola. Nthumwi ya pa dipatimenti inkathera nthawi yake pa kulondola angongole m'malo momva madandaulo. Pa fakitale ya nkhondo, pomwe anthu ankalowa ndi kutuluka mwezi uliwonse, njira imeneyo sikanatheka n'komwe. Kudula pa malipiro kunapangitsa kuti ndalama zizibwera pa tsiku lodziwika, ndipo mayuniyoni anatuluka m'nkhondo ali ndi maofesi, maloya, akatswiri a ziwerengero ndiponso thumba losungira sitiraka. 

Boma linaonetsanso kuti silikuseka. Sewell Avery, mkulu wa kampani ya masitolo ya Montgomery Ward, anakana kumvera bodi pa nkhani yomweyi. Mu Epulo 1944 boma linalanda kampaniyo kwa kanthawi, ndipo asilikali awiri anamunyamula Avery kumutulutsa mu ofesi yake ku Chicago, iye atapinda manja pachifuwa, atavala suti. Chithunzicho chinatuluka m'manyuzipepala ambiri, ndipo mabwana ena anamva uthenga.

Chinthu chachiwiri chimene chinakhalitsa chinabadwa chifukwa cha malire a malipiro aja. Poti ndalama ya pa ola inali yomangidwa, mayuniyoni anayamba kufuna zina zimene bodi inkalola: tchuthi cholipidwa, ndalama yoonjezera kwa ogwira ntchito usiku, inshuwalansi ya chipatala, kukonzanso magiredi a ntchito. Bodi inkalimbikitsanso ndondomeko ya madandaulo yokhala ndi masitepe, kuyambira kwa kapitawo, kupita kwa mkulu wa dipatimenti, kwa akuluakulu a kampani, mpaka kwa mkhalapakati amene chigamulo chake chinkamanga mbali zonse ziwiri. Panalinso kaundula wa ukale pa ntchito, wonena kuti ntchito ikachepa woyamba kuchoka ndi amene analowa pomaliza. Zinthu zoterezi zimamangirira munthu ku pangano kuposa mmene kukwera kwa malipiro kumachitira, chifukwa malipiro akakwera munthu amaiwala, koma malo ake pa kaundula amawayang'ana chaka ndi chaka. Mu 1948 National Labor Relations Board inagamula pa mlandu wa Inland Steel kuti penshoni ndi nkhani imene kampani iyenera kukambirana ndi yuniyoni, ndipo mu 1950 Walter Reuther wa United Auto Workers anasainirana ndi General Motors pangano la zaka zisanu lokhala ndi penshoni, theka la ndalama ya inshuwalansi ya chipatala, ndi malipiro okwera motsatira mitengo ya zinthu. Mpaka lero anthu ambiri a ku America amapeza inshuwalansi ya chipatala kudzera kwa owalemba ntchito, ndipo mizu ina ya zimenezi ili m'zaka za nkhondozi.

Musawauze ophunzira anu kuti m'mafakitale munali bata. Mitengo inkakwera kupitirira 15 peresenti ija, ndipo masitiraka osavomerezedwa ndi atsogoleri, a maola ochepa kapena a tsiku limodzi, anali ochuluka zedi mu 1943 ndi 1944. John L. Lewis, mtsogoleri wa yuniyoni ya m'migodi, anatulutsa antchito a m'migodi ya malasha kangapo mu 1943, ndipo nyumba ya malamulo inakwiya n'kukhazikitsa lamulo lochepetsa masitiraka la Smith-Connally mu Juni chaka chomwecho ngakhale Roosevelt analikana. Atsogoleri ambiri anasanduka ozimitsa moto pakati pa mamembala awo omwe. Apa m'pamene akatswiri a mbiri amatsutsana: ena amati mayuniyoni anagula chitetezo posinthanitsa ndi mphamvu za antchito wamba pa malo a ntchito. Mfundoyi ili ndi mutu, ngakhale kuti ine ndimaona kuti amene amaikokomeza amaiwala zimene zinachitikira mayuniyoni opanda chitetezo mu 1921 ndi 1922.

Tsopano funso lanu lakuti anapita kuti. Chiwerengero cha dziko lonse chinakhala pamwamba, koma anthu ake sanali omwewo, ndipo apa m'pofunika kusiyanitsa mafakitale a mitundu iwiri. Ena analipo kale ndipo anangosintha zopanga: a magalimoto anapanga akasinja, kenako anabwerera ku magalimoto. Chimodzimodzi a zitsulo, a matayala, a zipangizo zamagetsi ndi ophera nyama. Kumeneku umembala unakhazikika kwa zaka makumi atatu kapena kuposerapo. Ena anamangidwira nkhondo yokha. Malo opangira sitima zapamadzi anali ndi antchito pafupifupi 1.7 miliyoni mu 1943, koma patatha zaka zochepa anatsala kachigawo kochepa chabe. Ku Richmond, m'chigawo cha California, malo a Henry Kaiser anafika pa antchito pafupifupi 90,000 ndipo anatsekedwa nkhondo itatha. Fakitale ya Ford ku Willow Run, imene inapanga ndege za B-24 zoposa 8,600, inali ndi antchito 42,000 pachimake, ndipo inasiya kupanga ndege pakati pa 1945. Kachiganizo kosunga umembala kaja sikathandiza pa geti lokhoma.

Amene anataya kwambiri anali amayi. Amayi a m'mayuniyoni anachoka pa 800,000 nkhondo isanayambe kufika pa 3 miliyoni mu 1944. Koma lamulo lolembera asilikali la 1940 linapatsa obwera ku nkhondo ufulu wobwerera pa ntchito zawo zakale, ndipo m'mafakitale ambiri amayi anali pa kaundula wa ukale wosiyana ndi wa abambo, kapena analembedwa ngati ogwirizira nthawi ya nkhondo yokha. Pamene makampani a magalimoto ankaitananso anthu mu 1946, ambiri mwa amayiwo anadumphidwa, ndipo nthambi zambiri za yuniyoni sizinawamenyere nkhondo. Kaundula yemweyo amene ankateteza wakale ndiye anatulutsa watsopano. Phunziro la ntchito yanu lili pa kalembedwe ka ndime imeneyi: kaundula wa fakitale yonse amateteza anthu mosiyana kwambiri ndi kaundula wa dipatimenti iliyonse payokha.

Kwa anthu akuda nkhani inali yosakanikirana. A. Philip Randolph, mtsogoleri wa antchito akuda, ataopseza kuti atsogolera chionetsero chachikulu ku Washington, Roosevelt anasaina lamulo la nambala 8802 mu Juni 1941 loletsa tsankho m'mafakitale a zida. Ku Detroit, Chicago ndi Pittsburgh anthu akuda analowa mwaunyinji m'mayuniyoni a CIO (Congress of Industrial Organizations, mgwirizano wa mayuniyoni a m'mafakitale) a magalimoto, a nyama ndi a zitsulo, ndipo ambiri anakhalamo mpaka ana awo, ngakhale kuti mu Juni 1943 azungu pafupifupi 25,000 a pa fakitale ya Packard ananyanyala ntchito chifukwa anthu akuda ochepa anakwezedwa. Koma m'malo opangira sitima kumadzulo, yuniyoni ya Boilermakers inkawaika m'nthambi zapadera, momwe ankalipira ndalama ya umembala popanda voti yofanana ndi ya azungu. Khoti lalikulu la California linaletsa zimenezi pa mlandu wa James ndi Marinship kumapeto kwa 1944, koma pamene chigamulo chinkayamba kugwira ntchito malowo anali atayamba kale kuchotsa anthu.

Mayeso enieni anabwera mu 1945 ndi 1946. Mu 1946 mokha antchito pafupifupi 4.6 miliyoni ananyanyala ntchito. Ku General Motors sitiraka inatha masiku 113, ndipo anthu anabwerera atawonjezeredwa masenti 18 ndi theka pa ola. Chachikulu sichinali masentiwo ayi. Makampani akuluakulu sanayese kuthetsa mayuniyoni ngati mu 1919, anangolimbana nawo pa mtengo.

Kubwezera kunachitikira ku nyumba ya malamulo. Lamulo la Taft-Hartley la 1947 linaletsa pangano lakuti kampani izilemba mamembala a yuniyoni okhaokha, linachotsa akapitawo pa gulu la otetezedwa ndi lamulo la Wagner, zimene zinapha yuniyoni ya akapitawo imene inakula pa nthawi ya nkhondo, ndipo linafuna kuti atsogoleri alumbire kuti si achikomyunizimu. CIO inathamangitsa mayuniyoni ake 11 mu 1949 ndi 1950 pa nkhani imeneyi. Ndime 14(b) ya lamuloli inalola chigawo chilichonse kuletsa mapangano okakamiza munthu kulowa kapena kulipira yuniyoni. Arkansas ndi Florida anali atayamba kale mu 1944, ndipo lero zigawo zotere zilipo 26. Kampeni ya CIO yolemba mamembala kummwera, yotchedwa Operation Dixie, inayamba mu 1946 ndipo inalephera m'mafakitale a nsalu, mpaka inatsekedwa mu 1953.

Zotsatira zake za nthawi yaitali n'zakuti mapu a umembala anauma pamene nkhondo inawasiya. Lamulo la Taft-Hartley silinachotse mamembala amene analipo, gawo lawo linali likadali pafupifupi mmodzi pa atatu alionse m'ma 1950, koma linaumitsa njira yolowera m'madera atsopano ndi m'ntchito zatsopano. Ku America yuniyoni imazindikiridwa fakitale ndi fakitale, choncho umembala unali womangirira ku nyumba zenizeni za ku Michigan, Ohio ndi Pennsylvania. Kampani ikamanga fakitale yatsopano ku Tennessee kapena ku South Carolina, yuniyoni inkayambiranso pa ziro. Mafakitale akale atayamba kutsekedwa m'ma 1970 ndi m'ma 1980, mamembala anapita nawo. Penshoni ndi inshuwalansi zija, poti zinali pa msana wa kampani iliyonse payokha, zinasanduka katundu wolemera kwa makampani akale okhala ndi opuma ntchito ambiri, pamene opikisana nawo atsopano analibe ngongole yotero. Lero pa antchito 100 alionse ku America, mamembala ndi 10, ndipo m'makampani omwe si aboma ndi 6.

Pophunzitsa ziwerengerozi samalani pawiri. Chiwerengero cha mamembala ndi gawo lawo pa antchito onse si chinthu chimodzi: mamembala anapitirira kuchuluka mpaka kudutsa 20 miliyoni kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pomwe gawo lawo linali litayamba kutsika kale m'ma 1950, ndipo kukula kwa mayuniyoni a aphunzitsi ndi antchito aboma kuyambira m'ma 1960 kunabisa kutsika kwa m'mafakitale. Komanso amene yuniyoni imanena kuti ndi mamembala ake, amene akulipira, ndi amene pangano likuwateteza, ndi magulu atatu osiyana.

Dziko loyenera kuliika pambali pa America ndi Canada, chifukwa makampani ake ambiri ndiponso mayuniyoni ake anali omwewo. Kumeneko lamulo lokakamiza makampani kukambirana ndi mayuniyoni linabwera mochedwa, mu Febuluwale 1944, ngati lamulo la nthawi ya nkhondo lotchedwa PC 1003, koma nkhondo itatha mfundo zake zinalowetsedwa m'malamulo okhazikika. Sitiraka ya masiku 99 pa Ford ku Windsor mu 1945 itatha, Jaji Ivan Rand anagamula mu Januwale 1946 kuti munthu asakakamizidwe kulowa yuniyoni, koma aliyense wopindula ndi pangano azidulidwa ndalama ya umembala. Canada sinakhale ndi ndime yofanana ndi 14(b), ndipo mpaka pano antchito pafupifupi 30 pa 100 alionse ali pansi pa mapangano a mayuniyoni.

Kuno kwathu kummwera kwa Africa nkhondo yomweyo inaonetsa mbali zonse ziwiri. Ku South Africa mafakitale anakula msanga, anthu akuda anadzaza m'matauni, ndipo mu 1945 Council of Non-European Trade Unions inkanena kuti ili ndi mamembala 158,000 m'mayuniyoni 119. Koma lamulo la zokambirana pa ntchito silinkawerengera amuna akuda oyenda ndi pasi ngati antchito, ndipo lamulo la nkhondo la nambala 145 la 1942 linawaletsa kunyanyala ntchito. Mu Ogasiti 1946 antchito a m'migodi ya golide oposa 60,000, motsogozedwa ndi J.B. Marks, ananyanyala m'migodi yomweyo imene Wenela inkatumizako amuna a ku Nyasaland. Apolisi anathetsa sitirakayo pasanathe sabata, anthu osachepera 9 anaphedwa, ndipo pofika 1950 ambiri mwa mayuniyoni aja anali atafa. Mayuniyoni a anthu akuda anadzaloledwa kulembetsa mwalamulo mu 1979.

Ku Copperbelt, dera la migodi ya mkuwa ku Northern Rhodesia (Zambia ya lero), kunayenda mosiyana. Britain inkafuna mkuwa wambiri wa zida, ndipo mu Malichi 1940 azungu a m'migodi ananyanyala ntchito n'kupeza zimene ankafuna. Anthu akuda a ku Mufulira ndi Nkana anatsatira, koma pa 3 Epulo asilikali anawombera ku Nkana ndipo anthu 17 anafa. Nkhondo yonse inatha popanda yuniyoni ya anthu akuda. Mu 1947 boma la Britain linatumiza William Comrie kukathandiza kukhazikitsa mayuniyoni, ndipo mu 1949 nthambi za m'migodi inayi zinaphatikizana kukhala yuniyoni imodzi pansi pa Lawrence Katilungu, makampani n'kuizindikira chaka chomwecho. Mu 1952 inatha kuimitsa migodi kwa milungu itatu mwabata, ndipo mkhalapakati C.W. Guillebaud anagamula kuti malipiro akwere kumayambiriro kwa 1953.